Woluka, Ulusi ndi Mphaka Pamiyendo

Mwezi wa Disembala ku Lerwick, tauni yaikulu ya zilumba za Shetland kumpoto kwa Scotland, dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo ikamakwana 3 koloko masana limakhala litalowa. Kunja kumaomba mphepo ya panyanja yosalola munthu kucheza pakhomo. Madzulo aatali oterewa ndi amene analera luso loluka la pazilumbazi, ndipo mpaka lero m'nyumba zambiri muli mpando wa woluka, nyali pambali pake, dengu la ulusi pansi. Pamene pali mpando wofunda ndi dengu la ubweya, mphaka sachedwa kudzipezera malo.

Zimayamba chimodzimodzi tsiku lililonse. Woluka akangokhala, mphaka amadumphira pamiyendo, kuzungulira kawiri, n'kudzipinda pamwamba pa juzi yomwe ili m'kati molukidwa. Singano zimagundana, ulusi ukutuluka m'dengu n'kumakwawa pang'onopang'ono kudutsa pafupi ndi mphuno yake. Maso watsinzina, koma khutu limodzi lili tcheru. Pakapita kanthawi woluka amangomva ulusi wapepuka m'zala. Akakoka, m'manja mwake mumafika kansonga konyowa ndi malovu. Mphaka waudula kalekale, ndipo ali phee ngati si iye.

Dengu la munthu woluka mongokonda silikhala ndi ntchito imodzi. Anthu osaluka amaganiza kuti munthu amayamba chipewa, kuchimaliza, kenaka n'kuyamba sikafu. Sizitero ayi. Pamwamba pamakhala sokosi yoyenda nayo m'chikwama, yoluka pabasi kapena podikira pamzere, chifukwa manja amailuka okha mutu uli kwina. Pansi pake pali juzi ya mitundu yambiri, yofuna kuwala ndi mtima umodzi. Pansi penipeni pagona shawelo yomwe inayambika chaka chatha, mwiniwake n'kuiwala mzere umene anasiyira. Oluka olankhula Chingerezi anazipatsa mayina zinthuzi. Ntchito imene ikupitirira amaitcha WIP, ndipo imene inaima osatha amaitcha UFO, dzina lomwe lija la zinthu zachilendo zouluka mumlengalenga. Akamamasula zimene analuka amati akuchita za chule, chifukwa mawu awo otanthauza "masula" amamveka ngati kulira kwa achule m'dambo. Alinso ndi nthenda yawoyawo, nthenda ya sokosi yachiwiri: yoyamba imatha mwachimwemwe, koma mtima umakana kubwereza zomwezomwezo, ndiye mwendo umodzi umakhala wopanda chovala miyezi ingapo.

Munthu akawerenga maso ndi pamene amamvetsa ulesiwo. Diso, kapena sitichi monga ambiri amanenera, ndi kakhoti kamodzi ka ulusi kokoledwa m'kanzake, ngati maso a ukonde wa asodzi. Sokosi wamba ya munthu wamkulu imakhala ndi maso pafupifupi 64 kuzungulira mwendo. Ikakhala ya mizere 200, ndiye kuti maso ndi 12,800, ndipo masokosi awiri amaposa 25,000. Amadya mpukutu wa magalamu 100, womwe ulusi wake ndi wotalika mamita pafupifupi 400. Juzi ya munthu wamkulu imafuna mamita 1,000 mpaka 1,500, kutanthauza kuti ulusi wopitirira kilomita umadutsa pachala chimodzi cha woluka. Mayi wina wa ku Shetland komweko, Hazel Tindall, anapambana mpikisano woluka mofulumira ku Minneapolis m'dziko la America mu 2008 ataluka maso 262 m'mphindi zitatu. Ngakhale pa liwiro limenelo, osapuma, osamwa tiyi, masokosi awiri angamutengere maola asanu. Woluka wamba amatha madzulo a milungu iwiri kapena itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a sokosi nawonso ndi choncho.

Nsalu yoluka imasiyana ndi chitenje kapena mphasa. Powomba nsalu pamakhala ulusi wambiri wopingasana, wina woimirira wina wogona, moti umodzi ukaduka enawo amagwirabe. Nsalu yoluka ya mtundu umodzi ndi ulusi umodzi wokha kuyambira pansi mpaka pakhosi, diso lililonse logwidwa ndi la pamwamba pake. N'chifukwa chake imatamuka ndi kukumbatira thupi, n'chifukwa chakenso diso limodzi likapulumuka pasingano limatsetsereka mpaka pansi, n'kusiya kanjira kooneka ngati makwerero. Kukoka nsonga yoyenera, ntchito ya mwezi wathunthu imamasuka m'mphindi zochepa. Chinthu chosalimba mtima chonchi ndi chimene chimakhala nyumba imodzi ndi nyama ya zikhadabo zokhota khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Lusoli si lakale monga anthu amaganizira. Zoluka zakale kwambiri zomwe zinapezeka ndi masokosi a thonje, oyera ndi abuluu, ochokera ku Egypt, olukidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400. Makina oluka anabwera mu 1589, opangidwa ndi William Lee wa ku Calverton pafupi ndi Nottingham. Choncho kwa zaka zoposa 400 dziko lakhala ndi njira yachangu yopangira masokosi, koma anthu sanataye singano. Mu 2013 magazini ya British Journal of Occupational Therapy inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa oluka 3,545 m'maiko osiyanasiyana. Ambiri anati akaluka mtima umakhala m'malo ndipo amasangalala, makamaka amene amaluka kawirikawiri. Kungoti ofunsidwawo anali okonda kale kuluka, ndiye yankho lawo silidabwitsa kwenikweni. Chomwe chinadabwitsa dziko ndi Tom Daley, katswiri wa ku Britain wodumphira m'madzi, amene makamera anamupeza akuluka pakati pa oonerera pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021. Mendulo yake ya golide anailukira kathumba kuti isakandike.

Agogo a ku Shetland akanaseka atamva kuti kuluka ndi kupumula. Iwo ankaluka akuyenda, dengu la dothi loyaka lomwe amasonkhera moto lili kumsana, singano imodzi yaitali italowetsedwa m'lamba wachikopa m'chiuno kuti dzanja lamanja lingoponya ulusi. Zoluka zawo ankapita nazo kwa mwini sitolo, amene m'malo mwa ndalama ankawapatsa tiyi ndi nsalu pa mtengo wonena yekha. Boma linatumiza wofufuza kudzamva madandaulo amenewa mu 1872. Mashawelo a pachilumba cha Unst, osalala moti amatha kudutsa m'mphete ya ukwati, ankavalidwa ndi mabanja olemera a ku London, oluka ake ali mu umphawi. Masiku ano zinatembenuka. Kuyambira 2010 kumachitika Shetland Wool Week, sabata imene anthu amachokera kutali ngati America ndi Japan, kulipira ndege ndi malo ogona, kuti adzaphunzire ntchito yomwe inkalemetsa ena.

Nanga mphaka amaonamo chiyani mu ulusi?

Yankho lili pa ntchito imene inamubweretsa pakhomo. Mphaka woweta anachokera ku mphaka wakutchire wa ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, m'bale wake wa vumbwe amene amatha nkhuku m'midzi. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu, mbewa zinabwera, amphaka n'kulondola mbewazo. Mu 2004 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pachilumba cha Cyprus apeza manda a zaka pafupifupi 9,500, momwe munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka wa miyezi isanu ndi itatu. Kuyambira nthawi imeneyo thupi la mphaka silinasinthe kwambiri. Maso ake saona bwino chinthu chili pafupi penipeni, mitundu saisiyanitsa ngati munthu, koma kanthu kakang'ono kakangogwedezeka amakaona msanga. Ulusi woyenda, kuima, kuyendanso, n'kukalowa kuseri kwa mwendo wa mpando, kwa iye ndi mchira wa mbewa. Mpukutu ukagwa pansi n'kugubuduka, ndiye kuti nyama yathawa. Amauthamangira, kuukumbatira ndi miyendo yakutsogolo, n'kuupalasa ndi yakumbuyo monga amachitira pong'amba mimba ya khoswe. Woluka akabwera kuchokera kukhitchini amapeza ulusi wazungulira miyendo ya tebulo katatu, wadutsa pansi pa sofa, wakathera pakhomo la kuchipinda.

Chachiwiri ndi kuzizidwa. Thupi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo amamva bwino pamalo a madigiri 30 kupita m'tsogolo. Nyumba za ku Britain zimatenthetsedwa kufika cha m'ma 20 basi. Kwa mphaka, amene amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, nyumba yotere ndi Dedza wa mu Juni. Ubweya wa nkhosa umasunga mpweya wofunda m'timipata take, ndiye juzi yosatha ili pamiyendo ya munthu wokhala phee kwa maola awiri ndi bedi losafuna kufunsira. Asanagone amapondaponda ndi mapazi akutsogolo ngati akukanda ufa wa mandasi, chizolowezi cha kuubwana pamene ankapondaponda bere la make kuti mkaka utuluke. Ndi chizindikiro chakuti mtima wake uli pansi. Vuto ndi lakuti akamaponda zikhadabo zimatuluka.

Apa ndi pamene juzi ya Fair Isle imaona tsoka. Kalukidwe kameneka kanatenga dzina la kachilumba kakang'ono pakati pa Shetland ndi Orkney, komwe kumakhala anthu osakwana 100, ndipo kanatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 mwana wa mfumu ya Britain, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII, ataonekera pagulu atavala juzi yotere. Ngakhale juzi yonse ikhale ndi mitundu isanu ndi itatu, mzere uliwonse umalukidwa ndi mitundu iwiri yokha. Mtundu wina ukamaonekera kutsogolo, winawo umayenda kumbuyo kudikira nthawi yake. Mukaitembenuza juziyo, m'kati mwake muli timizere ta ulusi tolenjekeka mazanamazana, kalikonse kodikira chikhadabo. Chikakola kamodzi n'kukoka, maso oyandikana nako amafinyana, duwa la kutsogolo n'kukhwinyata. Woluka wodziwa sadula kaulusi kotulukako. Amatenga singano yosathwa, n'kumabweza ulusiwo diso ndi diso, kumanja ndi kumanzere, mpaka nsalu itagonanso.

Chodabwitsa n'chakuti woluka yemweyo, amene amakuwa mphaka akakoka kaulusi kamodzi, tsiku lina amatenga sizasi n'kudula juzi yake ndi manja ake. Majuzi a Fair Isle amalukidwa mozungulira ngati thumba, opanda pobowola mikono, chifukwa kuluka mitundu iwiri n'kosavuta munthu akamaona kutsogolo kwa nsalu nthawi zonse. Pamene padzakhale mkono amaonjezerapo maso angapo apadera, kenaka pomaliza amadula pakati pawo. Woyamba kumene manja amanjenjemera, ena amayamba atseka chitseko. Koma nsaluyo simasuka. Tsitsi lililonse la nkhosa lili ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ulusi wa nkhosa za ku Shetland ndi wokakala moti timambato timakolana tokha. Timamba tomweto ndi timene timachititsa juzi kufota ikachapidwa m'madzi otentha ndi kufikisidwa: imalowa ya bambo, kutuluka ya mwana, youma gwa. Juzi yofota chonchi siibwerera. Kawirikawiri imakathera m'katoni ya mphaka, amene amailandira ngati inali yake kuyambira kale.

Ikatha kulukidwa, nsalu imanyikidwa m'madzi ofunda pang'ono, kufinyidwa m'thawulo, n'kuyalidwa pansi kuti iume ili m'maonekedwe ake. Shawelo ya maluwa obowoka imachita kukokedwa ndi kukhomedwa mapini ambirimbiri m'mphepete, apo ayi maluwawo saoneka. Imafuna tsiku limodzi kapena awiri. Chipinda chimenecho chikangosiyidwa chotsekula, m'mawa mwake pakati penipeni pa shawelo pamakhala chidikha chozungulira chodzaza ubweya wa mtundu wina. Izi zingaseketse, koma mapini ndi oopsa kwa mphaka wokonda kutafuna.

Alipo amphaka ena amene sakhutira ndi kugonera ubweya. Amauyamwa, kuutafuna ndi mano a m'mbali, n'kumeza. Mwiniwake amapeza juzi ili ndi chibowo chonyowa chachikulu ngati chikhatho, chidutswa chake osaoneka paliponse. Mu 1997 John Bradshaw ndi anzake ku Britain anafalitsa kafukufuku wa amphaka 152 odya zinthu zosadyedwa. Ambiri anali a mitundu ya Siamese ndi Burmese, ndipo chimene ankadya koposa chinali ubweya wa nkhosa, kutsatana ndi thonje ndi nsalu zopanga m'fakitale. Akatswiri ena amaganiza kuti khalidweli limayenda m'magazi, ena amati limakula mwana wa mphaka akachotsedwa kwa make msanga kapena akasamutsidwa nyumba. Mphaka wotere salangika ndi kukalipira. Chomwe chimathandiza ndi kabati yotseka, masewera okwanira, ndi zina zoti azitafuna.

Kabati yotsekayo ili ndi mdani wakenso. Ubweya wa nkhosa, ubweya wa mphaka, zikhadabo zake ndi tsitsi la munthu zonse zimapangidwa ndi chinthu chimodzi chotchedwa keratini, ndipo ndi zamoyo zochepa zimene zimatha kuchigaya. Chimodzi mwa izo ndi mphutsi za njenjete. Njenjete yaikulu youluka ija sidya kanthu, imangoikira mazira pamalo amdima osagwedezeka, ngati pansi pa dengu pamene pagona shawelo ya chaka chatha. Mphutsi zake ndizo zimaboola, makamaka pamene pali thukuta kapena dontho la chakudya. Ubweya wa mphaka wounjikana kuseri kwa kabati umazidyetsanso bwino. Ndiye woluka amathamangira timipira toyera tonunkha tija toika m'masutikesi. Timipira timeneti, makamaka ta naphthalene, ndi poizoni kwa mphaka, ndipo timagubuduka mokopa. Mankhwala ophera tizilombo a permethrin nawo amapha amphaka, ngakhale agalu amawapirira, chifukwa chiwindi cha mphaka chimalephera kusungunula mankhwala ambiri amene nyama zina zimasungunula. Njira yosavulaza aliyense ndi kuchapa zoluka zisanasungidwe, kuziika m'mapulasitiki kapena m'mabokosi otseka bwino, ndipo ulusi wokayikitsa kuuika mufiriji yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa milungu iwiri.

Pa nkhani ya ubweya wa mphaka m'nsalu, oluka anagonja kalekale. Umalowa m'maso a juzi pamodzi ndi ulusi ndipo sutuluka wonse. Ena anangoganiza zougwiritsa ntchito: mayi wa ku Japan, Kaori Tsutaya, analemba buku lophunzitsa kupanga tizidole ndi tizikwama kuchokera ku ubweya wotsala pachipeso cha mphaka, ndipo linatuluka m'Chingerezi mu 2011. Koma mphatso ndi nkhani ina. Chimene chimayetsemulitsa anthu ena ndi kuwatupitsa maso si ubweya weniweniwo, koma puloteni ya m'malovu ndi pakhungu la mphaka, yomwe amadzipaka podzinyambita. Woluka wosamala amachapa chilichonse chisanatuluke m'nyumba, ndipo amanena poyera kuti kwawo kuli mphaka.

Kusamalaku kumafunika kwambiri pa tizipewa ta makanda. Oluka ambiri a ku Ulaya ndi America, achibale onse atawaveka kale, amalukira ana osawadziwa. Mwana wobadwa masiku asanakwane amataya kutentha msanga, ndipo mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, choncho kachipewa kamathandiza pamodzi ndi njira ya kangaru, yomugoneka pachifuwa cha make khungu ndi khungu. Ku Malawi njirayi inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane. Bungwe la Save the Children litapempha oluka a ku America mu 2006, tizipewa tomwe tinasonkhanitsidwa tinapita ku Malawi ndi ku Bangladesh. Mwa ito, tina mosakayika tinalukidwa mphaka ali pamiyendo.

Amphaka nawo amalukiridwa. Bungwe la Cats Protection ku Britain, lomwe linayamba mu 1927, limalandira timabulangete ndi timbewa toluka tothandiza amphaka osowa pokhala. Kabulangete kamayenda ndi mphaka kupita kunyumba yatsopano, kuti fungo lozolowera limukhazike mtima pansi. Malangizo ake ndi omveka: maso akhale othina kuti zikhadabo zisakole, pasakhale timikanda kapena mabatani a maso a kambewa, ndipo nsonga zonse za ulusi zibisidwe molimba. Mawu omalizawa ali ndi chifukwa chachikulu.

Chithunzi cha kamwana ka mphaka kakusewera ndi mpukutu wa ulusi chili paliponse: pa makalendala, pa makadi a Khirisimasi, m'mabuku a ana. Buku la Lewis Carroll la 1871, Through the Looking-Glass, limayamba ndi kamphaka kakuda katamasula mpukutu wonse wa mtsikana Alice. Madokotala a ziweto sachikonda chithunzichi. Kwa iwo ndi chikomekome cha mkuyu.

Aliyense amene ananyambitidwapo ndi mphaka akudziwa kuti lilime lake limakanda ngati sandipepa. Pamwamba pake pali timinga mazana angapo ta keratini, totalika pafupifupi mamilimita awiri, tonse topendekera kummero. Alexis Noel ndi David Hu a ku Georgia Tech anaonetsa mu 2018 kuti nsonga ya kaminga kalikonse ndi yokumbika ngati kasupuni, ndipo imanyamula malovu kufikitsa pakhungu pansi pa ubweya. Ndi chipeso chabwino kwambiri, komanso chokokotera nyama pafupa. Koma chimayendetsa zinthu njira imodzi yokha. Ulusi ukangokola patimingato, mphaka sangaulavule. Akamagwedeza mutu ndi kutafuna kuti auchotse, ndi pamene ukulowa. Amameza, ulusi ukubwerabe, amamezanso.

Kanthu kozungulira ngati batani nthawi zina kamadutsa m'matumbo n'kutuluka. Ulusi wautali umachita zina. Nsonga imodzi imakola, kawirikawiri pansi pa lilime pomwe umadzikulunga, kapena potulukira chifu. Nsonga inayo imapitirira ndi ulendo. Matumbo, pogwira ntchito yawo yokankha chakudya, amayesa kuukankha, koma poti wamangika kumtunda, ndi matumbowo amene amakwera pa ulusi n'kukwinyana, monga m'chiuno mwa kabudula mumakwinyanira munthu akakoka chingwe chake. Ulusi wokungika uja umayamba kucheka khoma la matumbo m'malo angapo. Akabooka, zam'kati zimatayikira m'mimba, ndipo mphaka akhoza kufa m'masiku ochepa. Opaleshoni yake ndi yovuta, chifukwa dokotala sangausolole pamalo amodzi: amatsekula matumbo pawiri, patatu kapena kuposa, kudula ulusi ndi kuuchotsa zidutswazidutswa. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2009, wa agalu ndi amphaka 208 omwe anameza zinthu, anapeza kuti amphaka onse omeza zinthu zobulungira anachira, koma mwa omeza ulusi ndi zingwe anapulumuka 63 okha mwa 100 aliwonse.

Woopsa si mpukutu waukulu wokha, womwe aliyense amauona. Ndi tinsonga tija totsala podula, totalika ngati chikhatho, togwera pansi pa mpando. Ndi ulusi wosokera umene unasiyidwa m'singano pa mkono wa sofa, chifukwa mphaka akameza ulusiwo singano imatsatira. Telala wa pakhonde, mayi woluka madoilo, msodzi wosoka ukonde ndi mlimi womasula chingwe cha thumba la chimanga onse ali ndi msampha womwewu pakhomo, ngati pali mphaka.

Oluka okhala ndi amphaka zaka zambiri amakhala ndi timalamulo tosalembedwa. Mpukutu umakhala m'chikwama cha zipi kapena m'chigubu choboola pachivundikiro, ulusi n'kumatulukira pabowopo. Tinsonga timapita m'kabotolo nthawi yomweyo, osati pambale ya tiyi. Podzuka pampando, ngakhale kungokatsekula chitseko, ntchito yonse imalowa m'thumba. Ambiri amayamba amuseweretsa mphaka ndi kandodo ka nthenga mphindi khumi asanagwire singano, kuti akabwera pamiyendo abwere wotopa. Ena amamulukira kabulangete kake n'kukayala pambali, ngakhale kuti iye amasankhabe juzi.

Zizindikiro za mphaka womeza ulusi ndi kusanza mobwerezabwereza, kukana chakudya, kufooka, kubisala, ndi kulira akagwidwa pamimba. Ena amachucha dovu ndi kupalasa pakamwa ndi phazi. Wotereyu asapatsidwe mafuta ophikira kuti zitsetsereke, asakakamizidwe kusanza, ndipo asapatsidwe paracetamol, amene ambiri amangoti panado, chifukwa piritsi limodzi lokha likhoza kumupha.

Ndipo inu amene muli ndi mphaka pakhomo, tsiku lina mukadzaona kaulusi kakulenjekeka pakamwa pake kapena pansi pa mchira, dzanja lidzafuna kukoka. Musakoke, chifukwa simukudziwa kumene nsonga inayo yakola. Mukulungeni m'thawulo, mupite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.